Mbiri ya agogo: kodi tilembemo za banja la ku Halale?

Funso: Ndine mphunzitsi ku Dedza. Abale anandisankha kuti ndilembe buku la moyo wa agogo athu aamuna, amene anamwalira ali mkulu wa mpingo wolemekezeka. Pofufuza ndapeza kuti pa zaka zimene ankagwira ntchito ku Halale anali ndi mkazi wina ndi ana awiri, ndipo anawo alipo. Amalume akuti zimenezo zisalowe m'buku. Kodi anthu amene ankalemba mbiri za anzawo kalelo ankatani akakumana ndi zotere? Ankalemba zonse? Nanga iwowo anali anthu otani?

Yankho: Aphunzitsi, ndiyambe ndi chimene chikukusowetsani tulo, za akale zibwere pambuyo. Ana a ku Halalewo alowe m'bukumo. Amalume anu sakulakwa kuopa, kungoti iwo akuganiza za mbiri ya pamaliro, ija munthu amaimirira n'kuwerenga pepala limodzi: anabadwa chaka chakuti, analowa mpingo chaka chakuti, asiya ana angapo ndi zidzukulu zingapo. Mbiri imeneyo ntchito yake n'kutonthoza ofedwa, ndipo pa tsiku limenelo palibe amayembekezera kumva zonse. Buku limakhala zaka. Lidzawerengedwa ndi anthu amene sanabadwe, ena mwa iwo adzakhala zidzukulu za mayi wa ku Halale uja. Walira mvula walira matope. Banja linapempha buku, ndiye kuti linapemphanso zimene buku limabwera nazo.

Tsono za olemba akale. Ndikatenga mbiri ya munthu aliyense, ndimayamba ndadzifunsa kuti wolembayu ankadya kwa yani, ndipo ankaopa yani. Mayankho a mafunso awiriwa amafotokoza zambiri zimene zili m'buku, komanso zimene mulibe.

Tengani Sima Qian wa ku China. Bambo ake, Sima Tan, anayamba kulemba mbiri ya dziko lawo lonse, ndipo pomwalira anamusiyira mwanayo kuti amalize. M'chaka cha 99 Khristu asanabadwe, mkulu wina wa asilikali, Li Ling, anagonja n'kudzipereka kwa adani. Nduna zonse zinamunyoza, koma Sima Qian anamuikira kumbuyo pamaso pa mfumu Wu. Mfumu inapsa mtima n'kumuweruza kuti aphedwe. Chilango chimenechi munthu ankatha kuchiwombola ndi ndalama kapena kulola kuthenedwa. Ndalama analibe. Anthu a msinkhu wake ankasankha imfa kusiyana ndi manyazi otere, koma iye analola kuthenedwa kuti amalize ntchito ya bambo ake. Buku linatha lili ndi mitu 130, ndipo 70 mwa mituyo ndi mbiri za anthu: akazembe, anzeru, amalonda, anthabwala a kunyumba ya mfumu, ngakhale opha anthu mobisa. Munthu woti waona zimene mfumu ingachite salemba za mfumuyo momasuka, choncho owerenga ake mpaka lero amafufuza chidzudzulo chimene anabisa m'kasanjidwe ka nkhani.

Suetonius wa ku Roma anali mlembi wa makalata a mfumu Hadrian. Udindo umenewu unamutsegulira zikalata za kunyumba yachifumu, n'chifukwa chake polemba za Augustus amatchula zimene zinali m'makalata a mfumuyo, mpaka kalembedwe kake ka mawu, mano ake oipa, ndi nsapato zazitali zimene ankavala kuti aoneke wamtali. Cha m'ma 122 Khristu atabadwa anachotsedwa ntchito, ndipo akatswiri ambiri amaganiza kuti n'chifukwa chake mbiri za mafumu otsatira zili ndi makalata ochepa ndi mphekesera zambiri. Analemba zoipa za mafumu 12 mosabisa, kuyambira Julius Caesar, koma taonani pamene analekezera: pa Domitian, amene anaphedwa mu 96, ndipo pomwe Suetonius ankalemba, banja la Domitian linali litachoka kale pampando. Za mfumu imene inkamulipira sanalembe. Kulimba mtima kwa olemba ambiri akale kunali kotere, ankanena zonse za anthu amene abale awo sangawachite kanthu. Inu mwayi umenewo mulibe, popeza amalume anu mudzakumana nawo pa ukwati wotsatira.

Plutarch, Mgiriki wa m'nthawi yomweyo, ndiye anatisiyira mfundo imene olemba onse amatsatira. Ankakhala m'tauni yaing'ono ya Chaeronea, ankatumikira ngati wansembe ku Delphi, ndipo ankalemba anthu awiriawiri, Mgiriki mmodzi ndi Mroma mmodzi, monga Alexander ndi Caesar, kapena Demosthenes ndi Cicero. Poyamba mbiri ya Alexander ananena kuti iye sakulemba za nkhondo zonse ayi, akulemba miyoyo, ndipo kuti kanthu kakang'ono, mawu amodzi kapena nthabwala, nthawi zambiri kamaonetsa khalidwe la munthu kuposa nkhondo imene anthu zikwi anafera. Kwa inu tanthauzo lake ndi ili: chiganizo choti agogo anali munthu woopa Mulungu sichiuza wowerenga chilichonse, chifukwa aliyense amanenedwa choncho akamwalira. Mukapeza munthu wokumbukira zimene agogo ananena tsiku limene nkhokwe inapsa, kapena mmene ankagawira nyama pa Khirisimasi, mwapeza munthuyo.

Amene anafika nayo patali mfundo imeneyi ndi James Boswell wa ku Scotland. Anakumana ndi Samuel Johnson, mkulu wolemba mtanthauziramawu wa Chingerezi, pa 16 May 1763 m'sitolo ya mabuku ku London. Boswell anali ndi zaka 22, Johnson 53. Kuyambira pamenepo, akacheza naye ankapita kukalemba mwachidule zimene zanenedwa zisanaiwalike, n'kudzazikulitsa pambuyo pake. Ankamufunsa mafunso otopetsa dala kuti amve yankho, ndipo mu 1773 anamukoka mkuluyo ulendo wa ku zilumba za Hebrides. Johnson atamwalira mu 1784, Boswell anapempha makalata kwa anzake, anafunsa Francis Barber, wantchito wa Johnson wobadwira ku Jamaica amene anasiyiridwa chuma, ndipo Boswell mwini anati nthawi zina ankathamanga theka la London kuti atsimikize deti limodzi. Buku linatuluka mu 1791. Munthu ameneyu pa moyo wake anali wosokonekera: mowa, ngongole, akazi, uloya wosayenda. Anamwalira mu 1795 ali ndi zaka 54, ndipo kwa nthawi yaitali anthu ankamuyesa chitsiru chimene chinalemba buku labwino mwangozi. Mapepala ake atapezeka ku Malahide Castle ku Ireland m'zaka za m'ma 1920, m'pamene zinaoneka kuti ankalemba ndi kukonza mosamala kwambiri. Chilema cha buku lake chikuphunzitseni kanthu: masamba ambiri akukamba zaka 21 zomaliza, zimene iye anaziona, pamene zaka 53 zoyamba zadutsa mothamanga. Inunso munawadziwa agogo ali ndi imvi, atavala jekete ya kutchalitchi. Mnyamata wa ku Halale simunamuone, ndipo mukapanda kusamala buku lanu lidzayamba munthu ali kale wokalamba.

Za madeti ndinenepo pang'ono, chifukwa ndi pamene bodza limagwidwa. Ibn Khallikan, wobadwira ku Erbil (ku Iraq wa lero) mu 1211, amene anakhala woweruza wamkulu ku Damascus, analemba mbiri za anthu oposa 800 pakati pa 1256 ndi 1274, ndipo lamulo lake linali losalemba munthu amene chaka cha imfa yake sanachitsimikize. Giorgio Vasari wa ku Italy, amene mu 1550 anatulutsa mbiri za ojambula zithunzi, analibe lamulo lotere. Analemba kuti wojambula Andrea del Castagno anapha mnzake Domenico Veneziano chifukwa cha nsanje, ndipo anthu anakhulupirira kwa zaka mazana. Zikalata zitafufuzidwa zinaonetsa kuti Castagno anamwalira mu 1457, pamene "wophedwayo" anamwalira mu 1461. Kwathu kunonso timadziwa vutoli. Boma linkati Kamuzu Banda anabadwa mu 1906, pamene ofufuza ambiri amati cha m'ma 1898, ndipo buku la Philip Short la mu 1974 lonena za moyo wake linaletsedwa m'Malawi. Ngati chaka chobadwa cha mtsogoleri wa dziko chinavuta chonchi, musakhulupirire chaka chilichonse cha agogo chifukwa choti chinalembedwa pa mwala wa pamanda.

Koma wolemba amene nkhani yake ikufanana kwambiri ndi yanu ndi Elizabeth Gaskell wa ku England, ndiye ndikhalitsa pa iye. Mnzake, wolemba nthano Charlotte Brontë, anamwalira mu 1855, ndipo bambo a malemuyo, m'busa Patrick Brontë, ndiwo anapempha Gaskell kuti alembe mbiri. Inali ntchito yotumidwa ndi banja ngati yanuyi. Gaskell ankamukonda Charlotte ndipo ankafuna kumuyeretsa kwa anthu amene ankati nthano zake n'zosayenera mkazi waulemu. Mu 1856 anapita ku Brussels kukaonana ndi Constantin Heger, mphunzitsi wokwatira amene Charlotte anaphunzira kwa iye, ndipo kumeneko anadziwa za makalata osonyeza kuti Charlotte anamukonda kwambiri bamboyo. Gaskell anabisa zimenezi. Koma chisoni cha Charlotte pa zaka zimenezo chinali choonekera, chinkafunika chifukwa. Gaskell anachikankhira pa mlongo wake Branwell, amene anali chidakwa, ndipo kugwa kwa Branwell anakukankhira pa mayi wina wolemera amene mnyamatayo ankaphunzitsa mwana wake. Dzina la mayiyo sanalitchule, koma aliyense anadziwa.

Buku linatuluka mu 1857. Mayi uja anali moyo, ndipo anatumiza maloya. Kunatuluka chipepeso m'nyuzipepala ya The Times, mabuku otsala anachotsedwa m'masitolo. Anthu a sukulu ya Cowan Bridge, kumene akulu ake awiri a Charlotte anadwalira, nawonso anakwiya. Ngakhale Patrick mwiniwake anadandaula ndi nkhani zoti ankamana ana ake nyama ndi kuwononga zinthu za m'nyumba akapsa mtima, nkhani zimene Gaskell anazitenga kwa mayi wosamalira odwala amene anachotsedwa ntchito pa banjapo. Posindikiza kachitatu anachotsa ndi kusintha zambiri. Ndipo chinsinsi chimene anavutikira chija sichinakhalitse: mu 1913 mwana wa Heger anapereka makalata anayi ku British Museum, n'kusindikizidwa mu The Times yomweyo. Ena mwa makalatawo anali atang'ambidwa, mkazi wa Heger n'kuwalumikizanso. Mlandu suola.

Cholakwa cha Gaskell sichinali kukhala chete. Wolemba aliyense amasiya zina, buku silinganyamule moyo wonse. Cholakwa chake chinali chakuti atachotsa choonadi panatsala dzenje, ndipo analikwirira ndi mbiri ya munthu wina wamoyo, pogwiritsa ntchito umboni wa mbali imodzi. Izi n'zimene zikukudikirani mukamvera amalume. Agogo anakhala zaka zambiri ku Halale. Wowerenga adzafunsa kuti ankakhala ndi yani, n'chifukwa chiyani makalata ndi ndalama zinkabwera mwa apo ndi apo, n'chifukwa chiyani agogo aakazi ankalima okha. Mukabisa banja lija, mudzakakamizika kupeka chifukwa china, ndipo chiganizo choti "anasiya ana asanu ndi mmodzi" pamene anasiya asanu ndi atatu chikhala chitafufuta anthu awiri amoyo. Kusalemba za mkangano wina wa m'nyumba, kapena matenda amene munthu anafa nawo, ndi ulemu. Kuchepetsa chiwerengero cha ana ndi bodza.

Ndipo nkhani ya agogo anu si yachilendo konse. Amuna ambirimbiri a ku Nyasaland anapita kukagwira ntchito ku mafamu ndi migodi ya ku Southern Rhodesia ndi ku Joni, ena anabwerera, ena anatchona. Ku Zimbabwe lero kuli anthu ochuluka amene makolo awo anachokera kuno. Mukaiika nkhaniyo m'nthawi yake, msonkho umene unkathamangitsa anyamata m'midzi, kutalika kwa ulendo, zaka zopanda tchuthi, wowerenga adzaona munthu wa m'badwo wake, ndipo adzaweruza yekha. Musawaikire kumbuyo agogo, musawadzudzulenso. Ine ndimaona kuti mkulu wa mpingo amene anali ndi mbiri yotere kumbuyo kwake ndi munthu wokoka chidwi kuposa woyera wa pa pepala la pamaliro, koma amenewo ndi maganizo anga, banja lingaone mwina.

Mmene mungatolere umboni, phunzirani kwa Robert Caro wa ku America, amene wakhala akulemba moyo wa pulezidenti Lyndon Johnson kuyambira m'ma 1970. Mabuku anayi anatuluka mu 1982, 1990, 2002 ndi 2012. Buku limene analemba asanayambe za Johnson, lonena za Robert Moses, mkulu wa zomangamanga ku New York, linamutengera zaka zisanu ndi ziwiri, ndalama zinatha, mkazi wake Ina anagulitsa nyumba yawo kuti ntchito ipitirire. Atayamba za Johnson anaona kuti anthu a kumudzi kwawo ku Texas sakumasuka kwa mlendo wobwera lero n'kubwerera mawa, ndiye iye ndi mkazi wake anasamukira komweko kwa zaka pafupifupi zitatu. Amayi okalamba anamuonetsa zitsime, n'kumupatsa chingwe kuti akoke yekha ndowa, amve kulemera kwa moyo umene ankakhala magetsi asanafike. Mng'ono wake wa Johnson, Sam Houston Johnson, poyamba ankangobwereza nthano zokometsa zimene ankauza aliyense. Caro anamutengera m'nyumba imene anakulira, anamukhazika pa tebulo lodyera pa malo amene ankakhala ali mwana, iye n'kukhala kumbuyo kwake osaoneka, n'kumupempha kuti akumbukire mikangano ya bambo ndi mkulu wakeyo pa chakudya. Munthu uja anayamba kufuula mawu a onse awiri, ndipo pomaliza anavomera kuti nthano zija sizinachitike, n'kufotokoza zenizeni. Caro amanenanso kuti wofunsidwa akakhala chete, iye amadzilembera chizindikiro m'kope chodzikumbutsa kuti atseke pakamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Azakhali anu musakawafunse pabalaza amalume ali pomwepo. Pitani nawo kumunda wakale kapena pa bwinja la nyumba yoyamba, muwafunse mmene tsiku limene agogo anabwerera linalili, ndani anawalandira, ananyamula chiyani m'sutikesi, kenaka mukhale chete.

Chilichonse chimene mwamva, lembani amene wakuuzani, tsiku, ndiponso ngati anaona yekha kapena anangomva. Olemba mbiri achisilamu ankaika mndandanda wa anthu amene nkhani yadutsamo, wakuti anamva kwa wakuti, kuti wowerenga ayese yekha kulimba kwake. Kufunika kwa zimenezi kukuoneka pa John Chilembwe. Kuukira kwake kunayamba pa 23 January 1915, iye anaphedwa pa 3 February, ndipo zikalata zambiri za nthawiyo zinalembedwa ndi boma limene ankalimbana nalo. George Simeon Mwase analemba za iye ali m'ndende ku Zomba cha m'ma 1931 ndi 1932, atamva kwa mkaidi amene anali nawo pa kuukirako, ndipo zolembazo zinasindikizidwa mu 1967. Mawu otchuka amene timati Chilembwe anauza anthu ake, oti amenye kamodzi kenaka afe, atifika kudzera mwa Mwase, munthu amene panalibe pomwepo, patapita zaka zoposa 15. Sindikuti ndi abodza. Ndikuti wowerenga ayenera kudziwa njira imene mawuwo anayenda. Inunso mukalemba mawu a agogo, nenani kuti "malinga ndi azakhali, amene anali ndi zaka khumi pa nthawiyo". Ndipo mukamva choipa, dzifunseni ngati wonenayo ali ndi mangawa ndi banja, monga mayi wochotsedwa ntchito uja wa kwa a Brontë.

Mapepala aliponso, ngakhale ambiri amaganiza kuti munthu wa kumudzi sasiya zolemba. Mipingo imasunga mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a misonkhano ya akulu a mpingo. Ngati agogo anaikidwa pa mwambo kapena analapa za banja la ku Halale asanapatsidwe udindo, mwina zinalembedwa, ndipo zikatero ndiye kuti mpingo unkadziwa kale chimene amalume akuyesa chinsinsi. Onani m'Baibulo lawo, m'sutikesi, kumbuyo kwa zithunzi, ziphaso zakale za ntchito ndi za msonkho. Ku National Archives ku Zomba kuli zikalata za maboma zimene zingakuuzeni mmene dera lanu linalili pa zaka zimenezo. Lembani m'Chichewa ngati ndicho chimene banja limawerenga. Samuel Josia Ntara analemba za mfumu Msyamboza ndi za m'busa Namon Katengeza m'chinenero chathu chomwechi.

Amalume musawalambalale. Mukhale nawo pansi buku lisanathe, muwauze kuti ndime ya ku Halale idzakhala yaifupi, ya zotsimikizika zokha, ndipo muwawerengere asanaione wina aliyense. Angakupempheni kusintha mawu owawa, zimenezo muvomere. Angakupempheni kuchotsa anawo, pamenepo muwauze mwaulemu kuti kabuku ka chikumbutso kotere angakalembe wina, inu simungaikepo dzina lanu. Ngati agogo aakazi ali moyo, iwo ndiwo oyamba kufunsidwa, ndipo ngati akuti zisatuluke iwo akadali ndi moyo, malizani bukulo lonse, musunge, mudikire. Kuchedwetsa kusindikiza n'kololeka.

Ana a ku Halale nawo ali ndi ufulu wokana kutchulidwa mayina, ndiye muwalembere kapena muwaimbire musanalembe chiganizo chilichonse chonena za iwo. Akakana, mulembe kuti kunali ana awiri, mayina muwasiye. Akavomera, ndiwo okhawo amene angakuuzeni za mnyamata amene inu simunamuone: kumene ankagona, chinenero chimene ankayankhula m'nyumba, ngati ankapemphera kale pa nthawiyo, ndi zimene anauza mayi awo tsiku limene ananyamuka. Yambani ndi wamkulu mwa awiriwo, ndipo foni yanu ijambule mawu ngati alola.